Thyolo: Mbiri ya Nthaka, Tiyi ndi Anthu Osowa Polima

Pa 1 Sepitembala 2016 anthu ambiri a m'midzi yozungulira esiteti ya Conforzi ku Thyolo analowa m'malo a kampaniyo atanyamula makasu ndi zikwanje, n'kuyamba kugawana minda. Apolisi anawabalalitsa, ena n'kuwamanga. Mtsogoleri wawo, a Vincent Wandale a bungwe la People's Land Organisation, nawonso anagwidwa ndipo khoti linawapeza olakwa. A Wandale omwewa ndi amene analengeza kuti Thyolo ndi Mulanje zachoka m'dziko la Malawi ndipo zakhala dziko loima palokha, la United States of Thyolo and Mulanje. Ankafunanso kuti eni maesiteti alipire £65 pa ekala iliyonse pa chaka, kuwerengera kuyambira 1914.

Anthu ambiri m'matauni anaseka. Dziko limenelo silinakhalepo, ndipo ine sindikhulupirira kuti kudula Malawi pakati kukanadzaza nkhokwe ya munthu ngakhale mmodzi. Koma amayi amene anasiya ana kunyumba n'kupita kukakumana ndi apolisi atanyamula makasu sankachita nthabwala. Chimene chinawadzutsa ndi chakale kuposa a Wandale, n'chakale kuposa mbendera ya Malawi.

Wochokera ku Limbe akangodutsa pa Bvumbwe amayamba kuona zitunda zobiriwira, tiyi wodulidwa mofanana kuyambira m'mphepete mwa msewu mpaka kumene maso alekezera. Midzi ya anthu ili ngati tizilumba pakati pa nyanja ya tiyiyo: nyumba zothinana, manda, kamunda ka chimanga chosakaniza ndi nandolo ndi chinangwa, kenako malire a esiteti. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, kutanthauza anthu oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse. Powerengera chonchi amaphatikiza ndi malo a maesiteti, ndiye kuti kumidzi kwenikweniko kuthinana n'koposa pamenepo.

Eni dera akale ndi Amang'anja. M'zaka za m'ma 1860 nkhondo zogwira akapolo ndi njala yoopsa zinabalalitsa anthu m'mapiri a Shire, ndipo pambuyo pake kunabwera nkhondo za Angoni. Otsala anakhamukira m'mapiri ndi m'malo otetezeka. Azungu atafika m'zaka za m'ma 1880 anapeza dera looneka ngati lopanda anthu, ndipo anayamba "kugula" malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mfumu inalibe mphamvu yogulitsa nthaka ya mtundu wonse, ndipo n'zokayikitsa kuti inkadziwa kuti chala chimene yadinda chikutanthauza kutaya dzikolo mpaka kalekale. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anayamba mu 1892 kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikizira kuti malowo ndi a azunguwo. Wamalonda mmodzi yekha, Eugene Sharrer, anatenga maekala oposa 360,000. Mu 1902 malo akewo anapita ku British Central Africa Company, imene anthu ankangoti BCA, ndipo mbali yaikulu inali ku Cholo, monga atsamunda ankalembera dzina la bomali.

M'zikalata zambiri munali mawu oti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Koma makolo athu ankalima mosuntha: nthaka ikaguga, ankatsegula mphanje kwina. Akangosuntha, chitetezo chija chatha. Mu 1903 woweruza Nunan anagamula mokomera eni midzi pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, koma lamulo limene linatsatira chigamulocho silinagwiritsidwe ntchito. Mzungu anapitiriza kuona aliyense wokhala pamalo ake ngati wobwereka.

Malo analipo, koma antchito kunalibe. Apa m'pamene mbiri ya Thyolo imakumanirana ndi ya Alomwe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, mabanja ankawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhondo, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri, chifukwa munthu wothawa kwawo sakana mawu. Ankapatsidwa pomanga nyumba ndi polima, koma malipiro ake anali thangata. Pamwamba pa thangatayo panali msonkho wa nyumba, umene boma linaukonza mochenjera: wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni 3, wosagwira ankalipira 6.

Mmene thangata ankayendera ndi pamene panagona mkwiyo umene udakalipo. Pakamwa ankati mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho. Koma mwezi wa paesiteti sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba, unkawerengedwa pa tikiti. Kapitawo ankapima mgwazo m'mawa. Dzuwa likapendeka munthu asanamalize, tsikulo silinkalembedwa. Akadwala, silinkalembedwa. Motero miyezi iwiri inkatha kusanduka inayi kapena isanu, ndipo inkagwera nthawi ya dzinja, pomwe munda wa munthuyo ukufuna kupalira ndi kubandira. Wokana ankagwetseredwa nyumba. Nkhanza za mtundu umenewu pa maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915.

Lamulo la 1928 lonena za anthu okhala pamaesiteti linati munthu angathe kulipira lendi ndi ndalama, ndi ntchito, kapena pogulitsa mbewu zake kwa mwini malo. Koma linalolanso mwini malo kuthamangitsa munthu mmodzi mwa khumi aliwonse pakatha zaka zisanu zilizonse, popanda kupereka chifukwa. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 ankataya ufulu wokhala pamudzi pomwe anabadwira. Mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamudzipo sankaloledwa kumanga popanda chilolezo cha bwana. Aliyense wodziwa chikamwini cha Alomwe ndi Amang'anja aona kuti lamuloli linalasa pamtima penipeni pa banja: mbumba ili pa nthaka ya amayi ake, koma amene angalole mkamwini kulowa pamudzi ndi mzungu.

Mbewu zinkasinthasintha. Khofi anagwa zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, kenako kunabwera thonje ndi fodya. Tiyi wa malonda anayambira ku Mulanje, kumene Henry Brown anamubzala mu 1891, ndipo ku Thyolo anafika mu 1908 pa Bandanga, chaka chomwe njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre kudzera pa Luchenza. Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923, ndipo banja la Conforzi lochokera ku Italy linakulitsa minda yake. Mgwirizano wa 1933 wa maiko olima tiyi, wochepetsa tiyi wopita pamsika, unakweza mitengo, ndipo kuyambira pamenepo Thyolo inasanduka dera la tiyi. Tiyi amafuna manja ambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo ya njala ndi ya kumunda. Kusowa malo kwa anthu a m'midzi kunali phindu kwa esiteti, chifukwa wokhuta sakatchola tiyi wa wina.

Boma la atsamunda linkatolera msonkho koma sukulu ndi chipatala linasiyira amishoni. Ku Makwasa, mishoni imene Joseph Booth anayambitsa inagulidwa ndi a Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo mu 1907 inatchedwa Malamulo. Mmishonale woyamba wa mpingowo kumeneko, Thomas Branch, anali munthu wakuda wa ku America. Chipatala cha Malamulo chinatchuka ndi kuchiza khate, ndipo mpaka lero chimaphunzitsa anamwino ndi madokotala othandizira. Alomwe nawo anayamba kudzilankhulira. Mu 1943 Lewis Bandawe anayambitsa bungwe loimira Alomwe, ndipo linakakamiza boma kusiya kuwatchula ndi dzina lonyoza la Anguru.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linaona kuti zinthu zafika pamwana wakana phala. Sir Sidney Abrahams, amene anafufuza nkhani ya malo mu 1946, analangiza kuti boma ligule malo osalimidwa a maesiteti n'kukhazikapo anthu. Linagula ndithu, koma ambiri anali malo ouma ndi akutali. Ku Thyolo, kumene kunali kothinana zedi, BCA inkakakamira nthaka yabwino. Njala ya 1949 inadutsa, lendi inakwera, makalata othamangitsa anthu anachuluka, ndipo mu 1953 kunabwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu anachikana.

Moto unabuka mu Ogasiti 1953 pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pa nkhani yaing'ono ya kuba malalanje. Azungu a paesitetiyo atagwira anthu usiku, mphekesera inafala yoti ndi achifwamba, ogwira anthu kuti akawaphe. M'masiku ochepa anthu anali atagwetsa mitengo m'misewu, kudula mawaya a telefoni ndi kunyanyala ntchito. Zipolowe zinafalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo pomwe zinkatha anthu 11 anali ataphedwa, 72 atavulala. Akuluakulu a Nyasaland African Congress sanakonze zimenezi. Anali anthu wamba a m'midzi. Pambuyo pake bwanamkubwa Geoffrey Colby anaumiriza BCA kugulitsa malo ena, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Mphekesera ya mtundu womwewo inabweranso mu 2017, ya anamapopa, ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Kupha kumeneko kulibe chodzikhululukira, komabe si mwangozi kuti mantha oti wina akuyamwa magazi a anthu osauka amamera msanga m'maboma omwewa.

Ufulu utabwera pa 6 Julaye 1964, ambiri ku Thyolo ankayembekeza kuti minda ya makolo ibwerera. Sinabwerere. Lamulo la malo la 1965 linasiya zikalata za maesiteti zili chilili. Dr Kamuzu Banda ankafuna ndalama zakunja zimene tiyi amabweretsa, ndipo iwo eni, pamodzi ndi akuluakulu a chipani chawo, anatsegula maesiteti a fodya m'chigawo chapakati. Mabungwe a antchito anatsekedwa pakamwa, malipiro anakhala otsika. Chimene chinachitika n'kukhazikitsidwa kwa Smallholder Tea Authority mu 1967, kuti alimi ang'onoang'ono nawo azilima tiyi. Bungweli linayamba bwino, koma linamira m'ngongole ndi kuchedwetsa malipiro a alimi, mpaka linathetsedwa mu 2002.

Matipate atabwera mu 1994, mantha anachepa ndipo anthu anayamba kulowerera m'malo a maesiteti ndi m'nkhalango. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, imene inali yowirira moti mbalame ina yosowa inatchedwa dzina la phirili, inatha m'zaka zochepa, n'kutsala kachigawo ka m'malo a Satemwa. Ndi chinthu chomvetsa chisoni, ndipo mitsinje yochokera m'phirimo ikuchitira umboni, koma amene anadula mitengoyo anali anthu ofuna pobzala chimanga. Boma la a Bakili Muluzi linakhazikitsa komiti yofufuza za malo mu 1996, ndondomeko ya malo inatuluka mu 2002, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2011 kunali pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ya ndalama za World Bank. Mabanja oposa 15,000, ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje, anapeza minda ya mahekitala pafupifupi awiri ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Ntcheu. Ambiri anakolola chimanga chimene sanachionepo. Ena anabwerera atapeza kuti kumaloko kulibe mjigo, sukulu kapena chipatala pafupi. Pulojekitiyi inathandiza, koma inasuntha anthu, malire a esiteti osawakhudza.

Pa zaumoyo pali mbiri imene anthu a ku Thyolo ayenera kuinyadira, ndipo siikambidwa mokwanira. Zaka za m'ma 2000 zikuyamba, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu aliwonse m'bomali anali ndi kachilombo ka HIV. Moyo wa m'makomboni, amuna okhala kutali ndi mabanja awo, amayi osaka ganyu kwa akapitawo, zonsezi zinathandiza kufalitsa matendawa. Maliro anali tsiku ndi tsiku. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene linafika ku Thyolo mu 1997, linayamba kupereka ma ARV pamodzi ndi unduna wa zaumoyo mu 2003. Madokotala anali owerengeka, choncho anachita chinthu chimene ambiri kunja ankati n'chosatheka. Ntchito yoyambitsa munthu mankhwala inaperekedwa kwa anamwino ndi othandizira madokotala, yoyeza magazi ndi uphungu kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu wamba ophunzitsidwa, ndipo mankhwala anachoka pa chipatala cha boma n'kufika m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Odzipereka a m'midzi ankayendera odwala, kulondola amene asiya kumwa. Pofika 2007, Thyolo inali itafikira anthu asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse ofunika mankhwalawa, ndipo zimene zinaphunziridwa kuno zinalembedwa ndi kutsatiridwa m'maiko ena. Mu 2012 anabwereka nzeru ya ku Tete, ku Mozambique, yoti anthu a mudzi umodzi apange gulu n'kumasinthana kukatengerana mankhwala, kuti asamathere ndalama ndi tsiku lonse paulendo. Apa panaoneka kuti ntchito za boma zingathe kumufika munthu wa ku Thekerani ngati pali ndalama ndi mtima. Chodetsa nkhawa n'chakuti ndalamazo zinali zakunja, ndipo pamene America inaimitsa thandizo lake lambiri mu Januwale 2025, aliyense anaona kuti moyo wa anthu athu tinaukoleka pa msomali wa eni ake.

Pa ndale, Thyolo yapereka atsogoleri awiri a dziko, a m'banja limodzi. A Bingu wa Mutharika, obadwa mu 1934 m'mudzi wa Kamoto, analamula kuyambira 2004 mpaka imfa yawo mu Epulo 2012, ndipo anaikidwa pa famu yawo ya Ndata. Makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005 anathandiza kwambiri munthu wa kamunda kakang'ono, chifukwa kwa iye thumba limodzi limasiyanitsa kudya ndi kugona ndi njala. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe linabwezera ulemu kwa mtundu umene unkachita manyazi kulankhula chinenero chake pagulu. Sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, inatsegulidwa pa Ndata mu 2014. Koma zaka zomaliza za a Bingu zinali za mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi imfa za anthu pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011. Mng'ono wawo, a Peter Mutharika, amene anakhalapo phungu wa Thyolo East, analamula kuyambira 2014 mpaka 2020, n'kusankhidwanso mu 2025. Anthu a ku Thyolo akhala akuvotera chipani cha a Mutharika cha DPP mokhulupirika. Malamulo a malo anakonzedwa mu 2016 ndiponso mu 2022. Komabe palibe boma, la chipani chilichonse, limene lagwira nkhani ya malo a Thyolo ndi manja awiri.

Pakali pano chuma cha m'midzi chalandira nkhonya zotsatizana. Nthochi za ku Molere, Masambanjati ndi Thekerani, zimene zinkadzaza malole opita ku Blantyre ndi Lilongwe n'kulipirira ana sukulu, zinatha ndi matenda a chisaka, moti dziko linayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Njanji yopita kumunsi inaduka pa Chiromo mu 1997. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ya m'mapiri. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Achinyamata ali pa kabaza, ena ali ku Joni.

Wotchola tiyi amalawirira m'mamawa, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno yotchinga mame. Manja onse awiri amathothola nsonga zanthete n'kuponya kumbuyo osatembenuka. Pa sikelo kalaliki amayang'ana ngati masamba ali okhwima kapena onyowa, ndipo makilogalamu amene alembedwa ndiwo chakudya cha ana. Mvula ikatha, ntchito ya ambiri imathanso. Pulogalamu ya Malawi Tea 2020, imene inayamba mu 2015, ndi mgwirizano woyamba wa 2016 pakati pa bungwe la antchito la PAWU ndi Tea Association of Malawi, zinakweza malipiro ndi kukonza chakudya cha masana, koma kukwera kwa mitengo ya zinthu kwadya zambiri mwa zimenezo. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, inalipira £2.3 miliyoni pothetsa mlandu wa amayi 36 amene anadandaula za kugwiriridwa ndi nkhanza zina pamaesiteti, ngakhale kuti sinavomere kulakwa. Amayiwo anakapeza chilungamo ku London, osati ku Thyolo.

Tinene zoona mbali zonse. Maesiteti a tiyi amalemba anthu pafupifupi 50,000 nthawi ya dzinja, ali ndi zipatala ndi sukulu zimene anthu a m'midzi amadalira, ndipo tiyi ndi imodzi mwa mbewu zochepa zobweretsa ndalama zakunja. Mitengo pa okushoni ya ku Limbe si yokwera. Tiyi yense wa m'Malawi ali pa mahekitala pafupifupi 18,000. Ngakhale titamuzula yense n'kugawira anthu a ku Thyolo okha, aliyense angapeze kamalo ka mamita 25 m'litali ndi 10 m'lifupi. Kuzula tiyi si yankho. Koma maesiteti ali ndi malo ambiri kuposa pamene pali tiyi, ena a bulugamu, ena a makademiya, ena ongokhala. Ndipo pali njira ina imene Kenya inatsata. Kumeneko, kuyambira 1964, bungwe la KTDA linakweza alimi ang'onoang'ono, moti lero amalima tiyi woposa theka la tiyi yense wa dzikolo ndipo mafakitale ndi awo. Kwathu kuno alimi ang'onoang'ono, monga a bungwe la Msuwadzi ku Thyolo, salima ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo masamba awo amagulitsa kwa maesiteti omwewo pa mtengo umene sakhala ndi mphamvu yeniyeni youkana.

Inu aphungu a Thyolo, mafumu athu ndi unduna wa za malo: yezani malo onse a maesiteti, muuze anthu poyera kuti ndi mahekitala angati, olimidwa ndi angati, ogona ndi angati. Ogonawo boma ligule kapena litenge motsata lamulo, apite kwa mabanja a m'midzi yoyandikana nayo, osati kwa andale ndi abale awo. Alimi ang'onoang'ono athandizidwe kukhala ndi fakitale yawoyawo. Anthu a ku Thyolo adikira kuyambira 1892, ndipo ana amene akubadwa lero m'midzi imeneyi alibe poti adzalime.